Thaulo la Mayi Tsurumaki

Ine ndine Obuchi, wonola mipeni ya kunsi kwa nsapato za osewera hoke, masewera a pa ayezi, ku timu ya Ankhandwe kuno ku Tomakomai, ndipo ndinenere poyera kuti sindikhulupirira munthu. Wina akandipatsa moni mano ali pamtunda, ine mumtima ndimayamba kufunsa kuti ameneyu akufuna chiyani. Khalidwe limeneli ndinkaliyesa nzeru, mpaka chaka chimene linapweteka mayi Tsurumaki Fusako, amene anachapa majezi a timu yathu kwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi.

A Fusako anabadwira kudoko, m'banja la anthu okumba nkhono za m'nyanja, ndipo manja awo anali a kumeneko: aafupi, ofiira, osaopa madzi ozizira. Anakwatiwa ndi Tsurumaki Genzo, mnzanga amene ndinkagwira naye ntchito kufakitale ya mapepala m'mawa, masana n'kumasewera naye pa ayezi. Genzo ankaima pakati, ine kumanzere kwake, mzere umodzi zaka zisanu ndi zinayi. Mtima wake utaima mwadzidzidzi ali ndi zaka makumi anayi ndi chimodzi, anasiya mkazi ndi kamwana kakakazi ka zaka zinayi, dzina lake Chiharu. Ndine ndinapita kwa akuluakulu a timu kukawapemphera a Fusako ntchito yochapa, ndipo nkhani imeneyi ndinkaikumbutsa anthu kawirikawiri kuposa mmene inkafunikira.

Musaipeputse ntchito yochapa. Pa hoke munthu sakhalitsa m'bwalo. Atatu akutsogolo amalowa limodzi, kuthamanga kosakwana mphindi imodzi, kutuluka, ena atatu n'kudumphiramo. Atatu amenewa ndiwo mzere, ndipo za amene ali mumzere uti ndi nkhani yosowetsa mtendere anyamata a ndevu zawo. Pokonzekera masewero mzere uliwonse umavala mtundu wake: woyamba jezi yofiira, wachiwiri yachikasu, wachitatu yobiriwira, otsalira yakuda. M'mawa uliwonse kochi ankalowetsa kapepala pansi pa chitseko cha chipinda chochapira, ndipo a Fusako ndiwo ankapachika jezi pamalo pa aliyense. Ankadziwa amene wakwera ndi amene wagwa mwiniwake asanatsuke n'komwe m'kamwa kunyumba kwake.

"Amayi, tanditsinani khutu, lero ndili wanji?" ankatero Kumagai, kaputeni wathu, akawapeza m'khonde atanyamula dengu.

"Lero uli wonunkha ngati dzulo. Choka ndidutse."

"Aa, Amayi, ngakhale kungophethira kokha ngati zili bwino?"

"Sokosi yako yabooka pachala. Chinsinsi chako chimene ndikusunga n'chimenecho."

Akamaliza kupachika, kapepala kaja ankakaika m'thumba la epuloni yawo, epuloniyo n'kuiponya m'makina pamodzi ndi mathaulo, kapepala n'kusanduka phala. Ndipo anali ndi kakhalidwe kena kamene sanauzepo munthu. Mnyamata akagwa kuchoka ku chikasu kupita ku yakuda, jezi yake ankaipachika pomalizira, itangotuluka m'makina oumitsa, kuti aipeze yofunda. Anyamata ambiri anadutsa m'manja mwawo osadziwa chifukwa chake jezi ya manyazi inkakhala yotentha.

Kuwonjezera pa mitundu inayi ija panali majezi asanu oyera. Wosewera wa adani akalakwa, oimbira amamutsekera m'kandende mphindi ziwiri, ife n'kukhala asanu pa anayi. Pamenepo ndi pamene timu imadyera, ndipo asanu ovala zoyera ndiwo amatumidwa kukadyako. Timu yolephera kugoletsa asanu pa anayi imasekedwa ndi ana omwe.

Nanenso ndinali ndi mwambo wanga, umene tinauyamba ndi malemu Genzo tili anyamata. Tsiku la masewero ndikanola nsapato za asanu oyera aja, ndinkaziyala pansi m'chipinda changa monga mmene eniake akaimire pa ayezi, zala zitaloza kukhomo ngati khomolo ndilo golo. Nsapato iliyonse ili ndi nambala ya mwiniwake ya penti yoyera pachidendene. Ndinkaziyang'ana, n'kuomba m'manja kawiri, basi. Tsiku loyamba kuchita zimenezi tinagoletsa zinayi, ndiye ndani akanandiletsa? Kwa zaka zambiri kochi wathu wakale ankatuma asanu omwewo pamalo omwewo, moti ngakhale mayi wogulitsa msuzi wa nkhono pageti akanatha kukujambulirani mmene tiimire.

Kenako kunabwera a Hasebe, kochi watsopano, munthu wa magalasi ang'onoang'ono amene anakaphunzira ntchito kunja. Iwowa ankasakaniza mizere ngati munthu wotakasa phala. Asanu oyera ankasintha Loweruka lililonse, ndipo Lamlungu ankawasinthanso malo: woombera kumanzere dzulo lero ali pamphuno pa goloboyi, wa kumbuyo watsikira m'mbali. Mayina ankapita kwa a Fusako pakapepala. Malo ankandiuza ine pakamwa, chifukwa woima pamphuno pa goloboyi amafuna mpeni woluma ayezi kuti asakankhike, pomwe wa kumbuyo amafuna wotsetsereka. Mwezi woyamba matimu onse anagwira njakata. Akakonzekera za dzulo, ife tabwera ndi zina.

Mu Okutobala kunabwera timu ya Akatumbu a ku Kushiro. Loweruka anatipatsa mwayi wa asanu pa anayi kanayi, Lamlungu kasanu, ndipo sitinagoletse ngakhale chimodzi. Kulephera si chachilendo, koma kalepheredwe kake ndiko kanandiimitsa tsitsi. Anayi awo ankakaima pamalo athu ife tisanafike. Makamaka mmodzi, nambala 44, ankadziponya pa ayezi ndendende pamene kambale, kamene timamenya m'malo mwa mpira, kadutsire, woomba wathu asanakweze n'komwe ndodo. Nambala 44 ameneyu anali Shiratori, ndipo Shiratori anali mwamuna wa Chiharu, mkamwini wa a Fusako. Paukwati wawo zaka ziwiri m'mbuyomo tonse tinavina ndi kuseka kuti tapereka mwana kwa adani. Tsopano nthabwala ija inayamba kundiwawa m'kamwa.

Lolemba m'mawa a Fusako anaima pakhomo pa chipinda changa, dengu lili m'chiuno.

"Obuchi-san, nsapato zija mumayala pansizi, bwanji tsiku la masewero osamaziika pashelefu?"

"Zakupunthwitsani?"

"Ayi. Koma muno mumalowa anthu."

"Amalowa ndani? Inu ndi ine basi. Mwambo umenewu ndinauyamba ndi amuna anu inu musanadziwe n'komwe fungo la jezi. Samalani za sopo, za mipeni mundisiyire."

Anawerama pang'ono n'kuchoka. Ine ndinatsala ndikukanda m'mutu. Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi mayi ameneyu sanafunsepo za nsapato, lero zamukhudza bwanji? Galu wamkota sakandira pachabe, ndinadziuza, ndipo ndinayamba kuwayang'ana ndi diso lina.

Ndinati m'chipinda changa mumalowa awiri, koma panali wachitatu amene sindinkamuwerengera ngati munthu wolowa. Pantchito yathu, wonola wa pakhomo amatsegulira chipinda chake wonola wa alendo, kumubwereka makina ndi kumuthirira tiyi. Wa Akatumbu anali Narita, nkhalamba ya khosi lalitali imene ndamwa nayo tiyi zaka makumi atatu. Ankabwera ndi nsomba zouma za kwawo m'kapepala, n'kukhala pampando wanga osapempha.

"Obuchi iwe, ukadali moyo? Ine ndimayesa anakukwirira kale pamodzi ndi makina ako owolawa."

"Ndikudikira ndiyambe ndadya pamaliro pako. Tiyi uyo, usatayire pansi ndi manja ako onjenjemerawo."

Narita yekha ndiye sindinkamukayikira, chifukwa ankanditukwana. Nzeru yanga inkati munthu wokutukwana sabisa kanthu, woopsa ndi womwetulira.

Mu Novembala tinapita kwawo ku Kushiro, ine n'kuyala nsapato m'chipinda chimene Narita ananditsegulira, ndipo zinachitika chimodzimodzi. Matimu ena onse tinkawadya, koma Akatumbu okha ankakhala ngati alota maloto a kochi wathu. A Hasebe anapachika makatani akuda pamawindo onse a bwalo. Mafoni ankasonkhanitsidwa m'dengu tisanayambe kukonzekera. Woyendetsa galimoto yosalaza ayezi anafunsidwa mafunso mpaka analira. Anyamata anasiya kuseka m'chipinda chovalira, aliyense akuyang'ana mnzake cha m'mbali, ndipo mawu oti kazitape anayamba kuyenda m'makhonde monong'ona. Palibe ankatchula dzina, koma a Fusako akalowa ndi dengu nkhani inkaduka pakati.

Ine ndinadzipatsa ntchito imene palibe anandituma. Ndinkawerenga nthawi imene a Fusako alowa ndi imene atuluka. Tsiku lina ndinawatsatira mpaka kupositi, n'kuwaona akutumiza phukusi, ndipo nditasuzumira ndinawerenga mawu oti Kushiro. Nditawafunsa mawa lake, ananena kuti munali lamba wa nsalu womangira mimba, chifukwa Chiharu anali woyembekezera, mwana woyamba, wa mu Febuluwale. Nkhope yawo inawala pouza ine zimenezi. Anati Chiharu abwera kudzachirira kwa mayi ake monga amachitira ana aakazi onse pamwana woyamba, ndipo chipinda anali atachikonza kale, tizovala akuluka. Ine ndinangoti zikomo, koma mumtima ndinati m'lamba mungathe kubisamo kapepala.

Disembala atafika Akatumbu anabweranso kwathu. Loweruka ndinanola nsapato, kuziyala, kuomba m'manja kawiri, n'kupita kukatenga madzi otentha chifukwa basi ya alendo inali italowa pageti. Pobwera ndinapeza a Fusako atagwada pansi m'chipinda changa, thaulo lalikulu loyera litaphimba nsapato zonse, iwo akukoka ngodya yake kuti ifike pachidendene chomaliza.

"Mukutani muno?"

"Fumbi la makina anu likulowa m'nsapato za ana."

"Fumbi? Lero ndiye mwaona fumbi?"

"Obuchi-san, ndakupemphani, lisiyeni thauloli mpaka ana adzatenge nsapato zawo."

Ndisanayankhe, Narita anatulukira kumbuyo kwanga ndi nsomba zake. Pamaso pa mlendo munthu sakangana ndi wa pakhomo, choncho ndinameza mawu, thaulo n'kukhala pomwepo. Narita anamwa tiyi, kunditukwana pang'ono, n'kupita msanga kuposa masiku onse. Tsiku limenelo tinagoletsa ziwiri asanu pa anayi, Shiratori akudziponya pamalo opanda kanthu. Bwalo lonse linaimirira, koma ine ndinakhala pansi. Ndinati ndawagwira. Mayina anali nawo kale pakapepala, chimene ankasowa ndi malo, ndipo malo ankabwera kudzawerenga pansapato zanga. Ndani wina akanadziwa kuti nsapato zimawerengeka, kupatula mkazi wa Genzo? Lero ndawadzidzimutsa asanatumize uthenga, n'chifukwa chake tagoletsa.

Lamlungu ndinakiya chitseko, ndipo a Fusako atagogoda ndi thaulo lawo paphewa ndinawauza kuti chipinda changa si njira. Narita atagogoda ndinamutsegulira. Masana amenewo tinalephera kasanu konse. Mukuganiza kuti ndinadabwa? Ndinangoti mbala ukaitsekera khomo imalowera pazenera, ndipo mkwiyo wanga unakula.

Lolemba ndinapita kwa a Hasebe.

"A Kochi, ndinawapeza mayi Tsurumaki m'chipinda changa atagwada, akusuzumira zinthu zosawakhudza. Ndawaonanso akutumiza katundu ku Kushiro."

A Hasebe anavula magalasi n'kuwapukuta nthawi yaitali. "Obuchi-san, mawu amenewa ndi olemera. Mukutsimikiza?"

"Ndine ndinawalowetsa ntchito muno. Ngati ndikunena ine, dziwani kuti zandipweteka kuposa aliyense."

Za nsapato zoyala pansi sindinatchule. A Hasebe ankaseka miyambo ya ife akale, ndipo ndinkadziwa kuti akamva aletsa. Ndinadziuza kuti imeneyo si mbali ya nkhani.

Palibe anawaitana a Fusako kuti awafunse, ndipo ndikuona tsopano kuti kumeneko ndiko kunali kuipa kwenikweni. Kapepala kanangosiya kulowa pansi pa chitseko chawo. Majezi anayamba kupachikidwa ndi wachiwiri kwa kochi, yakuda ndi yofiira zonse zozizira mofanana. Dengu la zochapa ankalisiya kunja kwa chipinda chovalira kuti iwo asalowemo. Anyamata amene anawatcha Amayi kuyambira tsiku limene anafika anayamba kuwapatsa moni wonga wopatsa mlendo, wa "Tsurumaki-san," maso ali pansi. Kumagai yekha ndiye anayesa tsiku lina kufunsa kuti lero ali wanji, koma nthabwalayo inagwa pansi, chifukwa onse awiri ankadziwa kuti mayiwo sakudziwanso. Iwo ankachapa, kupinda, kuwerama, n'kumapita. Tsiku lina tinakumana m'khonde lopapatiza, anandiyang'ana m'maso ngati akufuna kunena kanthu, ine n'kutembenukira kukhoma.

Kumayambiriro kwa Januwale mkazi wanga anamva kumsika kuti Chiharu sabweranso kudzachirira kwa mayi ake. A Fusako eniake ndiwo anamuletsa. Chiharu akanabwera, Shiratori akanamabwera kudzamuona tsiku lililonse lopuma, ndipo galimoto ya nambala za ku Kushiro ikanamaima pakhomo pawo tawuni yonse ikuona. Mkazi wanga ananena zimenezi misozi ili m'maso, koma ine ndinati n'kuchenjera chabe, akufuna kutiphimba m'maso. Kumapeto kwa mwezi womwewo a Fusako anachapa komaliza, kupukuta makina onse, kuika makiyi mu envulopu patebulo la a Hasebe, n'kuchoka osatsanzika aliyense. Mu Febuluwale mwana anabadwa ku Kushiro. Iwo sanakwere sitima, kuopa kuti wina angawaone pasiteshoni n'kunena kuti si uyo, wapita kukalandira zikomo.

Masewero athu omaliza ndi Akatumbu anali mu Malichi, pakhomo pathu. Kazitape atachoka ndinkayembekezera phwando. Loweruka tinalephera kanayi konse, Shiratori akudziponya pamalo enieni ngati kale. Ndinafika kunyumba mutu ukuzungulira, ndikuwerenga mayina a anthu. Ndinayamba kukayikira Kumagai, chifukwa ndi iye ankagwirizana kwambiri ndi mayi aja.

Lamlungu m'mawa ndinayala nsapato, kuomba m'manja kawiri, Narita n'kulowa. Tsiku limenelo anabwera ndi mapaketi awiri a nsomba.

"Imodzi ndi yako, udye utsamwidwe, chifukwa chaka chamawa sundionanso. Maondo akana, ndikupuma. Inayo ndi ya mayi wa thaulo uja. Ali kuti? Dzulo sindinamuone. Ndikufuna ndimuuze kuti mdzukulu wake ndamunyamula ndi manja angawa, mphuno ya Genzo yeniyeni."

"Anachoka."

"Wadwala?"

"Ankatsina khutu mkamwini wake. Usanamizire kudabwa, iwe ukudziwa bwino kumene kochi wako amatenga nzeru zake."

Narita anaika kapu pansi pang'onopang'ono. Anandiyang'ana, n'kuyang'ana kukhomo, n'kundiyang'ananso, ndipo kwa nthawi yoyamba m'zaka makumi atatu pankhope pake panalibe chipongwe.

"Mwamuchotsa ntchito mayi uja? Chifukwa cha zimenezi?"

"Anachoka yekha. Manyazi."

"Obuchi, uchitsiru unauyamba liti? Tayang'ana pansi apo." Anatambasula chala chake chokhota. "Nambala 17 kumbuyo. Nambala 9 kumanzere, ndiye kuti lero woomba ndi iyeyo. Kumagai pakati, 21 pamphuno pa goloboyi, 6 kumanja wongonamizira. Ndanama?"

Ndinayang'ana nsapato zija pansi, Narita n'kupitiriza.

"Ulendo woyamba ndinamuuza kochi wathu ngati nthabwala, kuti nkhalamba ya ku Tomakomai yayala timu yake pansi ngati nsomba pamsika. Ine ndinkayesa ukutipusitsa dala, kuti munthu wokayikira ngati iwe sangasiye zoona poyera. Zitapezeka zoona, ndikanatani? Timu yanga ndi timu yanga. Shiratori sanamvepo kanthu kwa apongozi ake, amangoima pamene kochi wamuuza. M'nyumba yonse ino munthu mmodzi yekha ndiye anaona kumene maso anga amapita ndikamamwa tiyi wako, ndipo tsiku lija anandichititsa khungu ndi thaulo. Ndinabwerera chimanjamanja, kochi wathu n'kundifunsa ngati ndadwala."

Anaimirira, maondo akulira, n'kusiya mapaketi onse awiri pampando.

"Za lero sindikanena. Koma nsomba iyi ukapereke wekha, ine nkhope yokaonekera kwa mayi uja ndilibe."

Masewero a tsiku limenelo sindinawaone. Ndinakhala m'chipinda changa ndikumva phokoso la anthu kudzera m'khoma, ndipo akuti tinagoletsa ziwiri asanu pa anayi. Atatha ndinapita kwa a Hasebe n'kunena zonse, kuyambira pa Genzo mpaka pa thaulo. Ndinkayembekezera kuti andithamangitsa, ndipo ndinkafuna atatero. Iwo anangovula magalasi, n'kunena kuti nawonso ali ndi mlandu posawafunsa mayiwo pamaso, ndipo ine ndipite ndikawauze kuti ntchito yawo ikuwadikira.

Lolemba m'mawa ndinapita kudoko ndi paketi ya nsomba m'manja. Mphepo ya kunyanja inali ikuluma makutu. A Fusako anatsegula, ndipo kumbuyo kwawo ndinaona chikwama chotsegula pamkeka, tizovala ta mwana titapindidwa m'mizere monga ankapindira majezi. Sindinavule n'komwe nsapato. Ndinagwada pasimenti ya polowera, chipumi n'kugunda pansi, ndipo ndinanena zonse zimene Narita ananena ndi zonse zimene ine ndinawauza a Hasebe.

"Dzukani, Obuchi-san, pansipo mpozizira."

"Bwanji simunawauze a Kochi? Mawu amodzi okha, kuti pitani mukaone pansi m'chipinda cha Obuchi. Bwanji?"

"Ndinakuuzani inu kawiri."

"Ine ndinali gonthi. Koma a Hasebe akanamva."

"Akanamva, n'kukuchotsani." Anakhala chogwada pamkeka, manja pamaondo. "Amuna anga ankati, Obuchi ndi wamakani, amataya kambale pamalo oipa. Ndikawafunsa kuti nanga inu mumatani akataya, ankati ndimathamanga kubwerera ndikatseke pamene wasiya, zokalipa tikaonera kunyumba, chifukwa munthu wa mzere wako sumuloza chala anthu akuona. Inenso ndinayesa kutseka. Ndinkati nyengo ikatha a Narita apuma, nkhani izizira yokha, inu osadziwa kanthu. Sindinaganize kuti amene akanene kwa a Kochi mukhala inu."

Ndinalira, nkhalamba ya zaka makumi asanu ndi limodzi ndi zitatu, mamina ndi misozi pasimenti ya mwini. Nditapeza mawu ndinati ntchito ikuwadikira, makiyi ali pomwe anawasiya, anyamata onse akufuna kubwera kudzawerama, ndipo Kumagai walumbira kuti savala jezi yopachikidwa ndi wina.

"Mumuuze Kumagai agule masokosi," anatero, ndipo pakamwa pawo panagwedera ngati afuna kuseka, koma sanaseke. "Sindibwerera. Mawa ndikwera sitima ya ku Kushiro. Chiharu anavutika masiku awiri akuitana ine, ndipo amene anamugwira dzanja ndi namwino wosamudziwa dzina. Chibadwire mwana sanandiyankhepo foni. Akuti ndinasankha majezi. Sindikudziwa ngati akanditsegulire chitseko, koma ndikaima pomwepo."

"Ndipita nanu. Ndikamuuza Chiharu kuti wolakwa ndine."

"Mukamuuza, ndipo akakhulupirira. Koma tsiku lija ladutsa, Obuchi-san. Mwana woyamba amabadwa kamodzi."

Analandira nsomba ya Narita ndi manja awiri, n'kuiika pambali pa chikwama. Kenako anandiperekeza mpaka pakhomo monga mwa mwambo. Kwathu kuno mlendo umamuimirira pakhomo mpaka akhote pangodya, ndipo kwa zaka zonse zimene ndinalowa m'nyumba imeneyo, Genzo ali moyo ndi atapita, ndikatembenuka pangodya ndinkawapeza ataima akuwerama. Tsiku limenelo ndinamva chitseko chikutsekeka ndisanafike n'komwe pageti.